Chidutswa Choyamba N'cha Wodula

Pa Golomoti anthu amanditchula kuti a Zadzulo. Amayi ogulitsa nsomba m'mbali mwa msewu amanditchula dzinali uku akupukuta misozi ya phwete, ndipo makondakitala a minibasi analitola n'kukalifikitsa mpaka ku Salima. Ena amati ku Joni ndinabwerako mutu utasokonekera. Sindilimbana nawo. Koma poti palibe amene anandikhazikapo pansi n'kundifunsa bwinobwino, ndifotokoza ndekha, ndikadali ndi mano oti mawu azimveka.

Ndinabadwira kumunsi kwa Mtakataka, m'mudzi woti ukafuna kufika pamsewu wa tala umayenera kudzuka nkhuku zisanatsike. Bambo anga anali msodzi wa bwato limodzi ndi ukonde wosokasoka. Sukulu ndinaiyambira ku Mua, ndipo sindinapite nayo patali, koma nsomba ndiye ndinaiphunzira mpaka kumaliza. Ndili mwana ndinkatha kutsinzina, n'kununkhiza chambo, n'kunena ngati chatuluka m'madzi m'mawa womwewo kapena chagona. Sindikudzitama. Ndi chinthu chimodzi chokha chimene Mulungu anandipatsa mosaumira, mphuno.

Ndinachoka kwathu m'zaka zimene aliyense wa msinkhu wanga ankalota basi ya ku Joni. Nsomba zinali zitayamba kuchepa, munda unali wa mchenga, ndipo mkazi wanga Nangozo anali atangobereka mwana wathu Chisomo. Nangozo anandiperekeza mpaka pamsewu, chikwama changa pamutu, mwana kumsana. Sanalire. Anangonena kuti, "Bambo a Chisomo, mukakapeza kuti kulibe kanthu, mukabwerere. Manyazi sitidzakuchititsani." Ine ndinayankha zamphamvu ngati mwamuna, koma basi itadutsa Golomoti ndinabisa nkhope pawindo.

M'basimo ndinakhala moyandikana ndi Yusufu, Myao wa ku Mangochi, wamtali, woseka ndi mano onse. Iye ankabwerera kuntchito ku Kepitauni, ine ndinkapita kosadziwika. Tinagawana mtedza ndi madzi masiku onse a ulendo. Miyezi ingapo nditazunzika mu Joni, ndikugona pa makatoni m'nyumba ya munthu wosandifuna, ndinamuimbira. Anangoti, "Achimwene, kwerani. Mbale zotsuka sizitha kuno."

Tinkagona anthu asanu m'kanyumba ka malata okhaokha, kamene kumeneko amati mkhukhu. Mphepo ya ku Kepitauni ilibe ulemu. Inkalowa pansi pa chitseko, n'kukufufuza m'bulangete mpaka kukupeza. Ine mwana wa kuchigwa, wozolowera kugona pabwalo chifukwa cha kutentha, ndinkavala mathalauza awiri n'kumanjenjemerabe. Anzanga ankandiseka kuti ndikuvina beni ndili m'tulo.

Kuntchito kwa Yusufu kunali kumalo odyera aang'ono, a mipando yowerengeka, kufupi ndi doko. Ankagulitsa sushi, chakudya cha ku Japani. Tsiku loyamba, ndili ndi chokolopera m'manja, ndinasuzumira kuti ndione chakudya chimene azungu ankachiimira pamzere mpaka panja. Ndinaona kampunga koumba ngati chala chachikulu, pamwamba pake kachidutswa ka nsomba yofiira. Yaiwisi. Ndinamukoka Yusufu malaya.

"Aise, moto wawathera anthu awa?"

"Amadya choncho," anatero.

"Kwathu wodya nsomba yaiwisi ndi ng'ona ndi katumbu."

"Ndiye ng'ona za kuno zimabwera pa galimoto. Kolopani, achimwene."

Mwini malowo anali mkulu wina wa ku Japani, wamfupi, wa imvi, amene anabwera kalekale pa sitima za asodzi n'kukhazikika. Tsiku lathunthu ankatha kulankhula mawu osakwana khumi, ndiye ife Amalawi tinkawatchula kuti a Chete. Chingerezi chawo chinali chothyokathyoka ngati changa, ndipo mwina n'chifukwa chake tinkamvana msanga.

Anandizindikira chifukwa cha mphuno yomwe ija. M'mawa wina munthu anabweretsa bokosi la nsomba, ine ndikukolopa chapafupi. Podutsa ndinakwinya nkhope osadziwa kuti wina akundiona. A Chete anandikodola, naloza bokosilo, nandiyang'ana. Ndinaopa, koma ndinaloza nsomba zitatu. Anazitulutsa zitatuzo, nazinunkhiza, nazibwezera kwa mwini wake. M'mawa mwake anandipatsa jekete lawo lakale, n'kunditenga kupita kudoko. Chokolopera ndinatsanzikana nacho tsiku limenelo.

Musaganize kuti anangondipatsa mpeni. Chaka chathunthu ndinali wonyamula mabokosi, wopala mamba, wonola mipeni pamwala mpaka zala kuchita matuza. Ndinkapsa mtima. Ine mwana wa msodzi, woti ndinayamba kutumbula kampango ndisanadziwe kulemba dzina langa, munthu azindiphunzitsa kugwira nsomba? Koma ndikaona mmene iwo ankadulira, mpeni ukuyenda kamodzi kokha osabwerera, mkwiyo wanga unkatha wokha. Kwathu timatumbula nsomba. Iwo ankailemekeza.

Anali ndi malamulo awiri, ndipo onse awiri ndinalimbana nawo.

Loyamba linali lakuti amene wadula nsomba, chidutswa choyamba adye iyeyo, pamaso pawo, chitseko chisanatsegulidwe. Tsiku limene anandilola koyamba kudula tuna, nsomba yaikulu ya m'nyanja ya mchere, ndinasangalala mpaka ndinaiwala za lamuloli. Nditadula, anandiyang'ana. Ndinatenga kachidutswako, n'kukaponya m'kamwa, n'kukabisa m'tsaya ngati mwana wobisa mankhwala a malungo. Atatembenuka ndinakalavulira m'manja. Ndinkayesa ndawapusitsa. Anadula chidutswa china, nachiika m'kambale, nakakankha ndi zala ziwiri mpaka patsogolo panga.

"Choyamba n'cha wodula," anatero.

Ndinachita chizindikiro cha mtanda monga anandiphunzitsira ku Mua, n'kumeza. Yusufu anaseka mpaka anakhala pansi pafupi ndi mphika wake wa mpunga. Sindinafe. Patapita miyezi ndinayamba kumva kusiyana kwa nsomba ya kumimba ndi ya kumsana, ndipo, Mulungu andikhululukire, ndinayamba kuikonda. Nangozo sindinamuuzeko. Akanandipatulira mbale yangayanga.

Lamulo lachiwiri ndi limene linkandichititsa manyazi. Pakhoma panali bolodi lakuda, pamene a Chete ankalembapo ndi choko nsomba za tsiku limenelo. Tikapita kudoko osapeza tuna yowakhutiritsa, ankafufuta dzinalo. Munthu akaifunsa, ankangoti, "Lero kulibe." Masiku ena nyanja ikavuta, sankatsegula n'komwe. Ankaima pakhomo, n'kumaweramira aliyense wobwera, n'kumawabweza ndi njala yawo.

Ine zimenezi sindinkazimvetsa. Mayi anga, mlendo akafika, ankatha kuzembera kuseri kwa nyumba kukapempha ufa kwa anzawo, kapena kupha nkhuku yomwe ikufungatira, koma mawu oti "kulibe" sankatuluka pakamwa pawo. Kubweza munthu wanjala pakhomo, kwathu n'kudzivula. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwauza. Ndinati mufiliji muli tuna ya dzulo, ikadali yabwino, bwanji osawapatsa anthuwa? Anangoti, "Amene ndamubweza lero, mawa abwera." Ndinapukusa mutu. Koma mawa lake ankabweradi, ena atatenganso anzawo.

Zimenezo ndiye zinali zaka zanga zabwino, ndipo ndikazikumbuka mtima umandipweteka. Anthu ankawakonda malo amene aja. Panali mabanja amene ankabwera Lachisanu lililonse, ana awo tikuwaona akukula. Operekera zakudya anali omwewo chaka ndi chaka, ndipo ankadziwa kuti uyu safuna tsabola wobiriwira uja wolowa m'mphuno, uyu amafuna tiyi asanakhale pansi. Mpunga wa Yusufu unkaphikidwa pang'onopang'ono tsiku lonse kuti uzifika m'manja mwanga uli wofundirira. Anthu ankakhala pakauntala n'kumandiyang'ana ndikudula, ena n'kumafunsa kwathu. Ndinkawauza za nyanja yopanda mchere, iwo n'kumadabwa. Kumudzi nyumba inafoleredwa ndi malata, Chisomo anayamba sukulu, Nangozo anayamba kabizinesi ka nsomba pamsewu. A Chete ndinawaphunzitsa mawu amodzi a Chichewa, "zikomo," ndipo ankawasunga ngati suti ya paukwati. Ankawatulutsa mwina kamodzi pachaka.

Kenako anadwala. Anagwa m'mawa wina kudoko, ali chigwirire mchira wa nsomba, ndipo atadzuka kuchipatala mbali yakumanja inali itafa. Mwana wawo wamkazi, amene ankagwira ntchito ya muofesi, analibe chochita koma kugulitsa malowo. Ogulawo sitinawaonepo. Tinangomva kuti ali ndi malo odyera ambiri. Anatitumizira manejala, munthu wa mafoni awiri ndi makiyi ambiri m'chiuno, waulemu ndithu, koma woti nsomba ankaidziwira pa pepala. Dzina la malowo analisiya momwemo, chithunzi cha a Chete anachipachika pakhoma, ndipo ine anandisunga chifukwa anthu ankadziwa nkhope yanga.

Zinthu sizinaonongeke tsiku limodzi. Zikanatero mwina ndikanathawa. Choyamba anati zopita kudoko n'kutaya nthawi, lole izibweretsa nsomba za m'mabokosi a ayezi kawiri pa sabata. Kenako anasintha mpunga, nabweretsa wotchipa, nauza Yusufu kuti aziphika kamodzi m'mawa wokwanira tsiku lonse. Pofika masana unkakhala wozizira, wouma, wosagwirana. Bolodi lija analichotsa, n'kusindikiza mabuku a zithunzi zokongola, momwe chilichonse chinalipo tsiku lililonse, nyanja ivute isavute. Operekera zakudya akale anawachotsa mmodzimmodzi. Atsopano ankabwera n'kupita mwezi usanathe, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa palibe amene anawaphunzitsa. Munthu ankakhala pansi n'kumakweza dzanja mpaka kutopa, woperekera ali pakona ndi foni. Mbale zinkasokonezeka, tiyi ankafika atazizira. Pamwamba pa chilichonse tinkathira mayonezi, ngati mmene amapakira laimu pakhoma long'aluka.

Anthu athu akale anayamba kusowa. Mayi wina, mphunzitsi wopuma ntchito, amene ankakhala pampando wakumapeto sabata iliyonse, anadya theka, nandiyang'ana mwachisoni. Anati, "Si iwe, ndikudziwa." Sanabwerenso. Mawu amenewo anandibaya, chifukwa pa nthawi imeneyo wolakwa ndinali kale ine.

Ndinene bwinobwino, poti apa ndi pamene pagona nkhani. M'mawa wina manejala anapeza tuna itayamba kuda m'mbali. Anagwira m'mutu, nayamba kuyankhula zoti eni ake amukalipira, zoti mwina achepetse antchito. Sanandiuze kuti ndichite kanthu. Ndine amene ndinatsegula pakamwa. Kwathu pamsewu, nsomba ikagona, amaitsuka ndi madzi ozizira, n'kuiwaza mchenga wonyowa kuti wodutsa pa galimoto aziyesa yangochoka kugombe. Aliyense wa kuchigwa amadziwa zimenezi. Mchenga munalibe m'khitchini muja, koma nzeru yake ndi yomweyo. Ndinaviika nyama ija m'madzi a ayezi othira mchere, ndinasenga m'mbali modamo, ndinaipaka msuzi wa soya ndi kadontho ka ndimu. Inawala ngati ya lero. Manejala anandisisita pamsana, nanena kuti ndine munthu wofunika. Ndipo ine, chitsiru, ndinamva kukoma. Kuyambira tsiku limenelo palibe nsomba imene inatayidwanso.

Chidutswa choyamba ndinasiya kudya. Sindinachite kuganiza, dzanja linangosiya lokha. Anazindikira ndi Yusufu.

"Achimwene, mwasiya bwanji kulawa?"

"M'mimba simuli bwino masiku ano."

"M'mimba," anatero, akupukuta manja pa epuloni. "Wallahi, ine mpunga uwu si wanga. Ndikauyang'ana ndimachita manyazi ngati ndaba. Ndapeza malo kubutchala kwa Msilamu mnzanga. Tiyeni limodzi, adzakulandirani, mpeni mumautha."

Ndinakana. Chisomo anali atasankhidwa kupita kusekondale, mapepala anga okhalira m'dzikomo anali omangirira pa ntchito imeneyo, ndipo ndinkadziuza kuti ndikachoka ine, malo a a Chete afera pomwepo. Limeneli linali bodza lokoma kwambiri mwa onse. Yusufu anandikumbatira, nachoka, ndipo m'khitchini munalibenso woyankhula naye Chichewa.

A Chete anabwera masana a tsiku lina pakati pa sabata, mipando yambiri ili yopanda anthu. Ndinamva chitseko, n'kuona mwana wawo akukankha njinga ya olumala. Anali ataonda mpaka jekete kuwalendewera. Dzanja lamanja linali pamwendo, lopindika. Mwanayo anandiuza kuti kwa masabata akhala akuvuta kuti akufuna kudzadya kwawo kamodzi, pakauntala, ndipo wodula ndikhale ine.

Manejala anasangalala koopsa. Anathamangira foni kuti ajambule, nasuntha mipando, naitana woperekera amene sankadziwa n'komwe kuti mkuluyu ndi yemwe ali pachithunzi chapakhoma. A Chete sanalabadire zonsezo. Maso awo anapita pamene pankakhala bolodi, napeza wailesi ya kanema ikuonetsa mpira. Kenako anatembenukira kwa ine, nafunsa ndi pakamwa popotoka, pang'onopang'ono, funso limene anthu ankawafunsa iwo kale.

"Chabwino lero n'chiyani?"

Tuna ya tsiku limenelo inali itagona katatu. Ndinali nditaisambitsa ndekha m'mawa. Mawu awiri aja, "lero kulibe," anali pa lilime langa, ndipo ndinkadziwa kuti ndi amene iwo akanawalandira ndi manja awiri. Koma taganizani. Munthu wamkulu, amene anandichotsa pa chokolopera, wodwala, wavutika kukwera galimoto kubwera pakhomo pako, mwana wake ali pomwepo, ndiye umuuze kuti kulibe? Ndinamva mayi anga m'makutu. Ndinamvanso makiyi a manejala akulira kumbuyo kwanga, ndisaname. Ndinadziuza kuti matenda aja awaphera lilime, sazindikira. Ndinadziuza kuti ndisankha pakatikati penipeni, pabwino. Ndinawerama n'kunena kuti, "Tuna, bwana."

Manja anga anagwira ntchito bwino, mwina kuposa masiku onse. Mpeni unayenda kamodzi osabwerera. Ndinaumba mpunga wozizira uja m'manja mpaka unafundako, n'kuika zidutswa ziwiri m'kambale, n'kupereka ndi manja awiri.

Sananyamule timitengo todyera. Anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali, ngati akuwerenga kalata. Kenako anakweza dzanja lamanzere, lamoyolo, nakankha kambaleko ndi zala ziwiri mpaka pakati pa kauntala.

"Choyamba n'cha wodula."

Ndadyapo zinthu zoipa pa moyo wanga. Ndadyapo usipa wovunda chaka cha njala, ndadyapo buledi wa nkhungu mu Joni. Kachidutswa kaja sikakanandipha. Ndikanangokatola n'kumeza, nkhani ikanathera pomwepo. Koma dzanja langa linakana. Linangokhala pa thabwa ngati lafa ndi langa. Ndinayang'ana pansi.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa manejala, akuseka, foni ili m'mwamba. "Pali vuto ndi nsombayo?"

A Chete anamuyang'ana manejalayo, nayang'ana ine. Kenako anakoka kambale kaja kubwerera kwa iwo. Anatola chidutswa choyamba ndi zala, nachiika m'kamwa, natafuna pang'onopang'ono ndi mbali imodzi, nameza. Anatola chachiwiri, nachidyanso chimodzimodzi. Mwana wawo anawapukuta pakamwa. Manejala anajambula, nafunsa ngati afuna zina, iwo anapukusa mutu. Pamene njinga inkatembenuzidwa, anakweza dzanja kuti aime. Anaweramitsa mutu kwa ine, nanena mawu aja amene ndinawaphunzitsa.

"Zikomo."

Ndinamvetsa ali pakhomo. Mbale ija ikanabwerera kukhitchini yosadyedwa, manejala akanafuna kudziwa chifukwa chake, ndipo pamaso pa mwana wa mwini wake wakale akanayenera kupeza woti amuloze chala. Ndikanakhala ine. A Chete anadziwa zonse asanakhudze n'komwe, anadziwa ndi maso, ndipo anadya nsomba yogona katatu kuti ine ndisachotsedwe ntchito. Munthu amene kwa moyo wake wonse ankalolera kutseka chitseko kusiyana n'kupatsa mlendo ya dzulo. Ndinatuluka kuseri, pamene pankakhala migolo ya zinyalala, n'kulira ngati mwana, epuloni ili kumaso.

Sindinapite kukawaona. Ndinkadziwa kumene ankakhala, ndinkadziwa basi yake, ndipo Lamlungu lililonse ndinkati Lamlungu likudzali. Manyazi ndi matenda oipa, amakugoneka uli woyenda.

Patapita miyezi, mwana wawo anabwera yekha, atanyamula kanthu kakatali kokulunga m'nsalu yabuluu. Anati bambo ake anamwalira, ndipo anasiya mawu oti mpeni wawo waukulu upite kwa ine. Ndinamufunsa ngati anadwala m'mimba atachoka kuno tsiku lija. Anandiyang'ana modabwa, nati bambo ake anali ndi matenda ambiri, sakukumbuka. Panali funso lina limene ndinkafuna kufunsa, loti kodi mawu a mpeniwo anawanena asanabwere kudzadya, kapena atabwera kale. Sindinafunse. Ndinaopa yankho, ndipo mpaka lero sindikulidziwa.

Mwezi womwewo ndinasiya ntchito. Ndinamva pambuyo pake kwa Yusufu kuti malowo sanakhalitse, anatsekedwa, ndipo tsopano akugulitsamo mafoni.

Kumudzi ndinapeza anthu anapitiriza moyo osandidikira, monga zimayenera kukhalira. Bambo anga anali atamwalira ndili kunja, ndinangokaona mtumbira utamera kale udzu. Chisomo anandipatsa moni ndi manja awiri, mwaulemu wonse, ngati mmene amalandirira mlendo wa kutchalitchi. Nangozo, amene ndinamusiya wamanyazi, woyankhulira pansi, ndinamupeza ali mayi wa thebulo lakelake pa Golomoti, wa mawu omveka kutsidya kwa msewu, wokalipira madalaivala powatchula maina. Ndinanyadira, komanso ndinadziona wopanda malo. M'nyumba ya malata imene ndinaivutikira ndinkafunsa kuti supuni zimakhala pati.

Tsiku lina kunagwa maliro kwawo kwa Nangozo, ndipo anandisiyira thebulo. Panali chambo chabwino ndithu, chachikuluchikulu, koma mphuno yanga inandiuza ndisanafike pafupi. Pansi pa thebulo panali kandowa ka mchenga wonyowa.

"Mukaona galimoto ikuchepetsa liwiro, muwazeko pang'ono," anatero Nangozo, akumanga chitenje. "Musachulutse, amazindikira."

Ndinakhala pamenepo m'mawa wonse, dzuwa la kuchigwa likuwotcha, kandowa kali pakati pa miyendo yanga. Chakumasana inaima galimoto yoyera. Anatsika mayi wina wovala bwino, ndipo pampando wakutsogolo panatsala bambo wokalamba, woonda, atatsamira pawindo. Mayiyo anati bambo akewo atuluka kumene m'chipatala, ndipo akhala akulakalaka chambo.

"Ndi za lero izi, bambo?"

"Za dzulo, mayi," ndinatero. "Za lero kulibe."

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Kenako anathokoza, nasunthira pa thebulo loyandikana nalo, pamene mnzake wa Nangozo anali atawaza kale mchenga wake. Anagula zinayi kumeneko, nazimangirira kutsogolo kwa galimoto, napita. Nsomba zimenezo zinali za dzana. Galimoto isanazimiririke n'komwe, msika wonse unali utagwa nalo phwete, ndipo dzina langa linabadwa pomwepo.

Nangozo atabwera anapeza chambo chake chonse chili pathebulo. Sanakuwe, ndipo zikanakhala bwino akanakuwa.

"Bambo a Chisomo, zaka zonsezi munali kutali, ine ndili pamsewu pano. Miyezi imene simunkatumiza kanthu, mukuganiza kuti mwanayu ankadya nsomba za lero zokhazokha? Lero mwabwera kudzandiphunzitsa chilungamo pa thebulo langa?"

Ankanena zoona, ndipo mwa anthu onse a pa Golomoti, ine ndinali womaliza woyenera kumuweruza. Iye ankawaza mchenga kwa anthu odutsa, osawadziwa, kuti mwana adye. Ine ndinawazira munthu amene anandipatsa mpeni. Ndinayesa kumufotokozera madzulo ake, koma nditangofika poti nsombayo inali yaiwisi, anagwira pakamwa, ndipo nkhani yonse inathera pa funso loti kodi inenso ndinkadya.

Masiku ano thebulo sandisiyira, pokhapokha akasowa wina aliyense, ndipo akatero amayamba wachotsapo zogona n'kupita nazo kukaziwamba. Sitinakambiranepo zimenezi. Ine ndimalima, ndimasoka maukonde a anthu, ndipo asodzi ena amandiitana kugombe kuti ndiwathandize kusankha. Mpeni uja uli pamwamba pa kabati, m'nsalu yake yabuluu. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ndimautsitsa, n'kuunola pamwala, n'kuupukuta, n'kuubwezera. Sindinadulirepo kanthu. Wodula amayenera kudya choyamba, ndipo changa chinadyedwa kale ndi munthu wina.

Akandikuwira pamsewu kuti, "A Zadzulo!" ndimatembenuka n'kukweza dzanja. Amayesa ndine munthu wopanda manyazi, kapena woona mtima mopitirira muyeso. Sadziwa kuti mawu oti "lero kulibe" ndi otchipa kwa ine tsopano. Ndikhoza kuwauza aliyense woima pa Golomoti, tsiku lililonse, mpaka ndidzafe. Munthu mmodzi yekha ndi amene anavutika kubwera pa njinga ya olumala kuti adzawamve pakamwa panga, ndipo ameneyo ndinamupatsa mbale ndi manja awiri.